Chaka Chimene a Mavjuda Anatseka Zipinda Zitatu

Mumsewu wa kwawo mumzinda wa Margilan, munthu akatchula a Mavjuda, anzake amayamba kumwetulira asanamve n'komwe nkhani yake. Sikuti mayiwa ndi anthabwala ayi, nthabwala ndi za amuna awo, a Erkin. Koma a Mavjuda ndi munthu woti akalowa m'nyumba mwanu kudzabwereka sefa, potuluka amakhala atazimitsa getsi la pakhonde, atamanga mpopi wanu wodontha ndi kachingwe, ndiponso atakuuzani kuti mafuta ophikira mukuwagula kolakwika.

Sanabadwe otero. Bambo awo ankagulitsa mavwende pamsika, ndipo anali munthu woti wogula akangoyamikira kutsekemera kwa vwende, ankamusenzetsa lina laulere. Kwawo mpunga sunkayezedwa ndi kapu, unkangothiridwa mumphika mpaka dzanja litatopa. Atakwatiwa ndi a Erkin, dalaivala wa minibasi ya pakati pa Margilan ndi Fergana, anapeza kuti angosintha nyumba, khalidwe ndi lomwe lija. A Erkin ankatha kufika madzulo ndi munthu amene wangomudziwira m'minibasi momwemo.

"Mayi a Doniyor!" ankakuwa akadali pageti. "Tabwera awiri. Achimwenewa akuchokera kutali, chiyambire m'mawa sanaikeko kanthu kukamwa."

"Dzina lawo ndani?" a Mavjuda ankanong'oneza amuna awo powathirira madzi osamba m'manja.

"Tiwafunsa akakhuta."

Anakhala choncho zaka zambiri. A Mavjuda ankaphikira ana pasukulu ya mkaka, a Erkin ankazungulira ndi minibasi yawo, ndipo ndalama zinkabwera n'kumapita popanda wozifunsa kumene zikulowera. Analera ana awiri. Woyamba, Doniyor, anakwatira n'kukakhazikika ku Tashkent. Pakhomo panatsala Mohinur, amene ankamaliza maphunziro a unamwino, ndipo anali atatomeredwa kale ndi mnyamata wina wofatsa dzina lake Otabek.

Zinthu zinatembenuka nthawi yokolola thonje, masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. A Erkin ankathandiza gogo wina kutsitsa thumba la anyezi m'minibasi, msana unangoti khe! Anagwera pomwepo, anyezi n'kumwazikana msewu wonse. Kuchipatala anawachita opaleshoni, ndipo dokotala ananena mosapita m'mbali kuti chiwongolero achiiwale kaye mpaka chaka chamawa.

"Nanga tizidya chiyani, adokotala?" anafunsa a Erkin.

"Zimenezo mukafunse akazi anu. Ine ndimadziwa za misana basi."

Mwezi umenewo mabilu a gasi ndi magetsi anafikira m'manja mwa a Mavjuda kwa nthawi yoyamba. Zaka zonsezi a Erkin ankangolipira ali pa ulendo, osauza munthu. Mayiwo anakhala pansi pa mphesa za pabwalo n'kumayang'ana mapepala aja, kuwatembenuza, kuwayang'ananso. Kenaka analowa m'nyumba momwe amuna awo anagona chagada.

"Bambo a Doniyor, kodi m'nyumba muno muli fakitale imene ine sindikuidziwa?"

"Bwanji kodi?"

"Bilu iyi si ya anthu atatu. Komanso kuzizira kwenikweni sikunayambe n'komwe."

"Mulungu adzatipatsa, mayi."

"Anatipatsa kale. Ife ndi amene takhala tikuotetsa makoma."

Malipiro a kusukulu ya mkaka anali ochepa. Doniyor ankatumiza kangachepe, koma nayenso anali ndi lendi komanso khanda. Kugogoda pageti la munthu kukapempha ngongole, a Mavjuda sanafune. M'malo mwake anayendayenda m'nyumba yawo ngati mlendo wofuna kuigula, ndipo anaona zimene sankaziona kale. Zipinda zinayi zonse zinkatenthetsedwa usana ndi usiku, chikhalirecho eni ake amaunjikana m'chimodzi. Wailesi ya kanema inkadziyankhulira yokha. Firiji inkalira tsiku lonse pamene panja pankazizira kuposa mkati mwake.

Loweruka lotsatira analamula msamuko. Anatseka gasi wopita kuzipinda zitatu, anatsekera zitseko zake, n'kutseka mipata ya kunsi ndi nsanza. Banja lonse linasamukira m'chipinda choyandikana ndi khitchini. Atapinda kapeti ya mmenemo anazula matabwa awiri, ndipo panaonekera dzenje limene malemu apongozi awo ankaikamo makala amoto. Kathebulo kake kafupi, kamene amakatcha sandali, anakapeza m'shedi pansi pa matayala akale. Anakapukuta, anakaika pamwamba pa dzenje lija, n'kukafunditsa chibulangete chachikulu chofika mbali zonse. Makala ankayamba awayatsira panja mpaka utsi utatheratu, ndipo kawindo kam'mwamba sankalola kuti munthu akatseke.

Mohinur pobwera kusukulu anaima pakhomo chikwama chili m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Amayi, chimenechi n'chiyaninso? Anzanga akabwera ndiziti chiyani? Kuti kwathu tabwerera m'nthawi ya agogo?"

"Uziwauza avule nsapato alowetse miyendo."

"Nanga chipinda changa?"

"Chilipo, sichinathawe. Udzachipeza kukafunda."

"Ababa, tanenani kanthu!"

A Erkin anali atalowetsa kale miyendo mpaka m'chiuno, msana atautsamiritsa pamapilo, maso ali tsinzi. "Mwana wanga, ine ndanena kale," anatero. "Ndanena kuti andipatsire tiyi pompano, chifukwa sindidzukanso mpaka chaka chamawa."

Mohinur anatupa masaya sabata yonse. Koma kunja kutayamba kugwa chipale chofewa, iye ndi amene ankakhala woyamba kuthamangira pansi pa chibulangete chija ndi mabuku ake, n'kumakankha mapazi a bambo ake kuti apeze malo.

Zitatha za zipinda, a Mavjuda anatembenukira ku buledi. Kuyambira kale ankagula wophikaphika pakona ya msewu m'mawa uliwonse, pamene uvuni wawo wadothi unangokhala pabwalo, mphaka n'kumagonamo. Vuto linali nkhuni. Kuyatsa uvuni wonse uja chifukwa cha buledi wa anthu atatu kunali kuwononga mapesi a thonje amene ankakolezera moto. Akali mkati moganiza, pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa a Zulfizar, mayi woyandikana nawo nyumba, mnzawo wokangana naye tsiku ndi tsiku chikwatiwireni mumsewumo.

"Amzanga, ndamva kuti mwatsekera nyumba yonse mwasamukira m'bowo ngati mbewa."

"Mbewa yake yofunda. Inu bilu yanu yafika?"

"Musandikumbutse. Amuna anga ataiona anafunsa ngati tikuunikira mzinda wonse."

"Ndiye tamverani. Uvuni ndi wanga, mapesi tizisonkha. Moto umodzi, mabanja awiri."

"Atatu," anatero a Zulfizar. "Mtengwa wa kutsidya kwa msewu uja amalira ndi zomwezi, kungoti amachita manyazi."

Pomafika mwezi wotsatira anali mabanja anayi. Ufa, mafuta ndi mpunga anayamba kukapikula limodzi kumsika waukulu, thumba lathunthu n'kudzagawana pabwalo pa a Mavjuda ndi beseni limodzi. Mikangano sinalephere. Woyamba kumata buledi m'khoma la uvuni ankadandaula kuti wake wapserera, womaliza ankati wake watuluka wotuwa ngati wodwala. A Zulfizar anafika pokayikira beseni logawira lija, amvekere likamafika kwa iwo limachepa. Anagwirizana zoti azisinthana, wotsogola lero akhale womaliza ulendo wotsatira, ndipo wogawa azikhala womaliza kusankha mulu wake. Kuyambira pamenepo milu inkalingana mochititsa mantha.

Chimene chinavuta kwambiri ndi alendo. Munthu wocheza ngati a Erkin akadwala, odzazonda sasowa. Madalaivala anzawo ankabwera awiriawiri, atatuatatu, motsogozedwa ndi a Kahramon, chimunthu chachikulu cha mawu ngati hutala ya lole. Mlendo sangachoke pakhomo osadya, ndipo nyama ya nkhosa inali itakwera mtengo moti a Mavjuda ankangoipatsa moni podutsa pabutchala. Mwamwayi, mng'ono wawo wa kumudzi anawatumizira ngolo ya maungu. Anawaunjika m'chipinda chimodzi mwa zotsekedwa zija, ndipo anayamba kuphika samusa za maungu, zothira anyezi wambiri, tsabola ndi kachidutswa ka mafuta a kumchira wa nkhosa kongoti fungo limveke.

"Mayi a Doniyor," anadandaula a Erkin tsiku lina, "ndikadyanso maungu mawa ndiyamba kuyanga. Mudzandipeza ndakwera mpanda."

"Bola mukayange kwa a Zulfizar, akakudyetseni ndi iwowo. Gwirani mpeni uwu. Msana ndi umene ukudwala, manja ali bwinobwino."

Umu ndi mmene dalaivala wa zaka makumi atatu pamsewu anaphunzirira kusenda maungu. Poyamba ankasenda mokhuthala mpaka akazi awo ankatola makoko n'kuwasendanso. Koma munthu wongokhala amaphunzira msanga. Posakhalitsa a Erkin ankapinda samusa mwaluso kuposa mwana wawo wamkazi, ndipo ankadzitama nazo. A Kahramon atalawa anamenya thebulo.

"Alamu, izi ndiye samusa! Nyama yake ndi ya chiyani yofewa chonchi?"

"Ya nkhosa yomera m'munda," anayankha a Erkin. "Ilibe mafupa, siilira, ndipo ndaipha ndekha ndi manja angawa."

Koma tsiku lina a Mavjuda anapitirira muyeso. Ataona mmene paketi ya tiyi inkathera, anayamba kuumitsa masamba ogwiritsa kale ntchito n'kuwabwezera m'tipoti. Alendo a tsiku limenelo anamwa madzi otentha a mtundu wa udzu wouma. Palibe anadandaula. Anathokoza mwaulemu, koma sanakhalitse ngati masiku onse. Atapita, a Erkin sanachite nthabwala. Anadikira kuti Mohinur atuluke, kenaka anayankhula motsitsa mawu.

"Mayi a Doniyor, zimitsani magetsi onse, sindidandaula. Ndidyetseni maungu mpaka ndife, ndidya. Koma tiyi wa mlendo musamukhudze. Anthu aja amasiya ntchito kudzandiona. Ndilibe china chowapatsa."

A Mavjuda anakumbukira bambo awo ndi mavwende aja, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anatenga masamba oumitsa aja n'kukawathira pamizu ya mphesa. Kuyambira tsiku limenelo, tiyi wa alendo ankakhala watsopano ndi wakuda bwino, ndipo iwo eni ankamwa wotsalira m'tipoti alendo akapita.

Bilu yotsatira inabwera yowonda. A Mavjuda anaionetsa a Zulfizar pamwamba pa mpanda monga mmene munthu amaonetsera chithunzi cha mdzukulu. Anayamba kuyenda monyadira, kulangiza aliyense wokumana naye, ngakhale amene sanawafunse.

Kenaka kunabwera chisanu choopsa, cha mtundu umene okalamba okha ndi amene ankaukumbukira. Madzi anaundana m'zidebe, mbalame zinkagwa m'mitengo. Banja la a Erkin linali phee pansi pa chibulangete chawo, osadziwa zimene zinkachitika kuseri kwa zitseko zotseka zija. Potseka gasi, a Mavjuda sanakhetse madzi a m'mapaipi otenthetsera zipinda. Madziwo anaundana n'kung'amba chitsulo. Kutayamba kufunda pang'ono, m'mawa wina Mohinur anapita kukatenga dzungu, ndipo anabwerako akukuwa, masokosi ali chonyowa.

"Amayi! Kuchipinda kwanga kuli mtsinje!"

Atatsegula chitseko, madzi anawathamangira kumapazi. Maungu ankayandama. Choipitsitsa, m'chipinda chimenecho ndi mmene munali mulu wa zofunda za thonje zimene a Mavjuda anakhala akusoka pang'onopang'ono kwa zaka, zoti Mohinur adzapite nazo ku ukwati. Za pansi zonse zinali zitamwa madzi, mitundu ya nsalu itasakanikirana.

A Mavjuda anakhala pansi m'madzi momwemo n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro. Kulirako kunaitana a Zulfizar, amene analowa ndi mpango kumutu, supuni ili m'manja.

"Wamwalira ndani?"

"Ndadzipha ndekha, amzanga! Ndimati ndikupulumutsa, taonani zimene ndachita!"

A Zulfizar anayang'ana madzi, anayang'ana maungu oyandama, anayang'ana mnzawo atakhala m'chithaphwi. Anayesetsa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Koma inu! Anzanu akafuna kusamba m'nyanja amakwera sitima, inu mwangoiitanira m'nyumba. Kupulumutsa kwake kumeneko! Tadzukani apo musanadwale chibayo, mankhwala ndi odula."

Mawu akuti odula ndi amene anawadzutsa. Pasanathe nthawi, amayi onse a uvuni uja anali atafika ndi zidebe ndi zikolopa. Anatulutsa zofunda, anazisomola ulusi, thonje n'kuliyanika pazingwe ndi pamipanda ya mabanja anayi, moti msewu wonse unkaoneka ngati munda wosakolola. Wokonza mapaipi anabwera masana, ndipo zimene analipiritsa zinameza pafupifupi zonse zimene a Mavjuda anapulumutsa chiyambire kuzizira.

Madzulo ake a Mavjuda sanakhudze chakudya. Anauza amuna awo kuti basi, mawa atsegula zipinda zonse, azikhala ngati anthu ena.

"Ayi," anatero a Erkin. "Zokhetsa madzi m'mapaipi ndi ntchito ya ine, ndinayenera kukumbukira. Ndinatanganidwa ndi kufunda. Inu mwalakwitsa kamodzi, ine ndakhala ndikulakwitsa zaka makumi atatu, kungoti zanga sizinkayandamitsa maungu. Idyani."

Anadya. M'mawa mwake anaitananso wokonza mapaipi uja kuti awaonetse pokhetsera madzi, ndipo anamuumiriza kuti kuonetsako kukhale kwaulere.

Chisanu chisanathe, inakwana nthawi yokambirana za ukwati. Apa ndi pamene a Mavjuda ankachita mantha kwambiri, chifukwa mayi ake a Otabek, a Holida, anali munthu woopsa maonekedwe: chikhoti chaubweya, mano agolide, ndi kayankhulidwe kosonyeza kuti sanazolowere kutsutsidwa. Pa chinkhoswe anali atanena kale zimene ankayembekezera. Holo yaikulu ya mumzinda, oimba ochokera ku Tashkent, mdipiti wa galimoto zoyera, ndi alendo ochuluka moti ena osawadziwa n'komwe. Mabanja awiriwa anayenera kugawana mtolo umenewu, ndipo a Mavjuda ankadziwa kuti mbali yawo yokha ikanawagulitsitsa minibasi.

Anapita okha, atanyamula buledi wa mu uvuni wawo ndi samusa. Njira yonse ankayeseza mawu oti akanene, koma pofika pageti onse anali atabalalika. A Holida anawalandira ndi chikhoti chawo chija n'kuwalowetsa m'chipinda cha alendo, chokongola ngati sitolo: makapeti ofiira, makapu agalasi m'kabati, nyali yolendewera ya timiyala tonyezimira. Anakhala pansi n'kuyamba kufunsana za moyo, za abambo, za ana.

Ali mkati mofunsana, a Mavjuda anaona kuti mpweya wa m'kamwa mwawo ukuoneka ngati utsi. Mtsamiro umene anakhalira unali wozizira ngati mwala wa kumtsinje. Pakona panali kahita ka magetsi, kofiira psuu, ndipo kankanunkha fumbi lopserera, fungo la chinthu chimene changoyatsidwa kumene patapita miyezi. Kunsi kwa chitseko kunali kachidutswa ka nsanza kamene wina anaiwala kuchotsa. Anazindikira zonse, pakuti kwawo kunali chimodzimodzi. Mantha aja anangosungunuka.

"Asewere," anatero, "mundikhululukire kufunsa. Chipinda chino mwachitsegula lero lomwe, eti?"

Nkhope ya a Holida inafiira. "Mukutanthauza chiyani?"

"Ine zanga zitatu ndinatseka masamba akuyoyoka. Tonse tikugona m'chimodzi ngati ana a mphaka. Mwezi wathawu mapaipi anaphulika, ndinasambira ndi maungu. Ndiye musavutike nane, tiyeni kumene mumakhala. Kuno tifa tonse awiri, ana athu akwatirana opanda amayi."

A Holida anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka mapewa a chikhoti chija anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka mano onse agolide anaonekera.

"Mayo ine! Zala zanga zakuphazi ndasiya kuzimva kalekale. Tiyeni kukhitchini, asewere."

Kukhitchini kunali kofunda, kodzaza ndi zovala zoyanika ndi fungo la supu. Kumeneko, atavula chikhoti, a Holida anasanduka munthu wina. Anaulula kuti za holo ndi oimba zinkawasowetsa tulo. Amuna awo anali atagwirizana kale ndi munthu woti agule ng'ombe zawo ziwiri za mkaka.

"Nanga munkaumiriranji?" anafunsa a Mavjuda.

"Chifukwa cha inu! Margilan yense amadziwa kuti kwa a Erkin mlendo sachoka ndi njala. Ndinkati anthu owolowa manja chonchi tikawauza za ukwati waung'ono, aziti mwana wawo akukalowa m'banja la anthu oumira."

"Ine ndinkati mukamva kuti tilibe, muziti mwana wanu watola wosauka."

"Ndiye tikanagulitsa ng'ombe ndi minibasi chifukwa choopana?"

"Ndi kudyetsa anthu oti mawa lake akanati mchere unachepa."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, samusa zonse n'kutha. Atafunsa anawo, Otabek anapumira m'mwamba ngati wamutula katundu. Mohinur anangopempha zinthu ziwiri: diresi loyera lenileni, ndi wojambula zithunzi wodziwa ntchito yake, osati msuweni wa winawake wokhala ndi foni. A Mavjuda anavomera osatsutsa ngakhale pang'ono, zimene zinadabwitsa onse.

Kutafunda anatsegula zipinda zija, ndipo theka la bwalo analitembenuza kukhala dimba la tomato, nkhaka ndi mabiringanya. Maluwa anasiyako mzere umodzi chifukwa a Erkin anawachonderera. Chilimwe chonse amayi a uvuni aja ankaphika tomato ndi kuika m'mabotolo pamoto umodzi, ndiponso anasokanso zofunda za Mohinur. Zina zinatsala ndi mawanga a madzi aja, koma a Zulfizar anati akazipinda bwino, apongozi sadzaona mpaka mdzukulu atabadwa.

Ukwati unachitika mphesa zitapsa. Anatseka msewu ndi matebulo obwereka kuchokera m'nyumba iliyonse. A Kahramon anaphika osh, mpunga wa nyama ndi karoti uja, mu chimphika chachikulu cha kumzikiti, ndipo pa tsiku limeneli a Mavjuda sanaumire nyama. M'malo mwa galimoto zoyera, madalaivala anzawo a Erkin anatsuka maminibasi awo n'kuwamanga maliboni, ndipo anazungulira mzinda akuimba mahutala moti agalu onse anathawira kuseri. Oimba anali anyamata a mumsewu momwemo. A Holida ndi a Mavjuda anavina moyang'anizana mpaka mipango kugwa, ndipo a Erkin, amene dokotala anawaletsa kudumpha, anavina ndi mapewa ndi nsidze zokha atakhala pampando.

Sikuti onse anakondwa. Azakhali ena a Otabek anachoka msanga, amvekere sanaonepo mwana wa banja lolemekezeka akukwatira pamsewu ngati akugulitsa mavwende. Anakhala miyezi osayankhula ndi a Holida. Ena ankanong'onezana kuti a Mavjuda ndi amene anaumitsa zinthu. Mawuwo anawafika ndipo anawapweteka ndithu, masiku angapo sanapite kumsika. Koma ng'ombe za a Holida zinali m'khola, minibasi inali pabwalo, ndipo akwatiwo anayamba banja lawo opanda ngongole ya munthu. Chaka chotsatira mabanja awiri a mumsewumo anachita maukwati awo chimodzimodzi, ndipo matebulo anali omwewo.

A Erkin anabwerera pamsewu, koma tsopano amangoyenda mpaka masana, ndipo thumba la munthu saligwira ngakhale mwini wake atalira. A Mavjuda anapuma ntchito kusukulu ya mkaka. Masiku ano atengwa achitsikana amabwera okha kudzafunsa kumene kukupezeka ufa wotchipa, kapena mmene angachitire kuti kilo ya nyama ikwane sabata, ndipo iwo amawauza, n'kuwonjezerapo zina zimene sanafunse.

Chilimwe chapitachi a Erkin anafika kunyumba masana ali okha, popanda mlendo, zimene zinali zachilendo kale. Anaika matikiti awiri a sitima patebulo.

"Izi n'chiyani?"

"Samarkand, mzinda wakale wotchuka uja. Inu ndi ine. Munabadwa m'dziko lino, mwakalambiramo, koma simunakaoneko."

"Bambo a Doniyor, mwapenga? Kabwezeni!"

"Sabweza. Ndafunsa kale, ndinadziwa kuti mufunsa."

"Ndiye tikapanda kupita ndalamazo zapita pachabe?"

"Zapita pachabe."

A Mavjuda anadzuka kukawiritsa mazira. Ananyamula buledi, tomato, mchere wa m'kapepala ndi fulasiki ya tiyi, moti m'sitima monse iwo okha ndi amene sanagule kanthu, ndipo anadyetsanso ophunzira awiri amene anakhala nawo moyandikana. Ku Samarkand anayenda wapansi paliponse, akukana matakisi. Atafika pabwalo lalikulu la nyumba zakale za madenga obiriwira ngati thambo, anaima. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa, misozi ikulengeza.

A Erkin anawasiya choncho, n'kuzemba kupita kwa mnyamata wogulitsa ayisikirimu. Anabwera ndi ziwiri, akuyembekezera kukalipiridwa. A Mavjuda analandira yawo osafunsa mtengo. Anakhala pabenchi, nsapato atavula, n'kudya pang'onopang'ono mpaka kunyambita kamtengo.

"Bambo a Doniyor," anatero, maso akadali kumadenga aja.

"Ee, mayi."

"Kagulenso ina. Ya mtedza ija."